Thanki Yofiira ya Layisoni

Lwendulu, Hwange
Lachinayi masana

Fanuelo mwana wanga,

Layisoni Nkhoma. Ndayamba ndi dzina limeneli chifukwa ndikalitchula pakamwa iwe umadzuka pampando n'kutuluka, amayi ako n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale. Papepala sungandithawe. Layisoni Nkhoma, amene wayamba kumutchula kuti baba chifukwa ukufuna kukwatira mwana wake Esinati, ndiye munthu amene anandigulitsa kompuresa yopopera mpweya imene inapha mng'ono wanga Yobe, bambo ako aang'ono, n'kunditseka khutu lakumanzereli. Munthu yemweyo ndi amene wakupatsa kompuresa yofiira imene waimangirira pakhondeyi, imene ukufuna kuikweza pa lole mawa masana kupita nayo ku Livingstone, kukatsegula malo ako okonzera matayala ndi kupopera magalimoto penti. Ndikulemba ndikuiona pawindo.

Sindikukuletsa kupita. Muno mwatsala fumbi la malasha ndi ife okalamba. M'mashopu muli mashelufu okhaokha, magetsi amabwera ngati mlendo, ndipo mnyamata wa manja abwino ngati iwe akakhala muno amathera pamzere wa buledi. Pita. Kumeneko malole ndi ambiri, ndipo lole iliyonse ili ndi matayala ofuna mpweya. Koma ntchito imene wasankhayi imaima pa makina amodzi, ndipo makinawo ndakhala nawo zaka zambiri kuposa zimene ndakhala ndi iwe. Sukulu ndinalekera Standade 3, ndiye ukapeza mawu opindika uwongole wekha. Ndalemba m'Chichewa dala. Kumene ukupitako anthu akakufunsa m'Chinyanja, yamba kuzolowera, uleke kuyankha "yebo" m'malo mwa eya pa chilichonse.

Kompuresa sitisankha ndi maso. Ine ndi Yobe titasiya ntchito ya kumugodi, dziko litangolandira ufulu, tinamanga shedi ya malata m'mbali mwa msewu wopita ku Thomson Junction. Kompuresa yathu yoyamba ndinaigula ine, kwa mzungu wina amene ankalongedza katundu kupita kumwera. Inali ndi thanki yonenepa ngati ng'ombe, ndipo ine ndinaona thankiyo basi. Mutu wake, umene umapopa mpweyawo, unali waung'ono ngati chibakera. Pa matayala a njinga ndi a magalimoto aang'ono inkakwanitsa. Tsiku lina mphunzitsi wa ku Ingagula anabweretsa galimoto yake kuti tiipopere penti wobiriwira. Chitseko choyamba chinatuluka bwino. Pofika pa chachiwiri mpweya unali utatha, mfuti ya penti inayamba kulavula madontho, ine osaleka. Mwini wake atabwera anaizungulira, kenako anati, "A Mwale, ine ndinabweretsa galimoto yodwala dzimbiri. Mwaichiza, kapena mwaipatsira nthomba?" Yobe anaseka mpaka kukhala pansi. Tinapala galimoto yonseyo ndi sandipepa, zala mpaka kutuluka magazi.

Ndiye iwe uziyang'ana mutu, osati mimba. Thanki imangosunga, mutu ndiwo umapuma. Ukamayesa kompuresa iliyonse, yamba watulutsa mpweya wonse, uiyatse, uone ngati muvi wa geji ukukwera mosakayika. Ikadzaza n'kuzima yokha, tsegula mfuti ya penti uisiye ikuuzira ngati ukugwira ntchito. Mota ikayaka n'kuyamba kubweza muviwo m'mwamba mfuti ili chitsegulire, imeneyo ndi yako. Muvi ukamangotsika mota ikulira, isiye, ngakhale akukupatsa ulere. Kompuresa yabwino imagwira ntchito n'kupumula, kugwira ntchito n'kupumula. Imene imalira tsiku lonse osapumula ikukuuza kuti ntchitoyo yaikulira, ndipo chaka sichitha isanafe.

Za magetsi ndinaphunzira ndi mphuno. Shedi yathu ija inalibe magetsi ake, tinkakoka kuchokera pa golosale ya Mchawa wina, bambo wabwino amene ankatilola bola tisamusokoneze Lachisanu. Ine ndinalumikiza waya wautali, wowonda, wa mtundu wa pa wailesi. Mota inkayamba ndi kung'ung'udza ngati munthu amene wadzutsidwa asanafune, ine n'kumaithandiza kutembenuza lamba ndi dzanja. Tsiku lina inang'ung'udza osatembenuka, ndipo fungo la tsitsi lopsa linadzaza shedi yonse. Waya wautali ndi wowonda amapha mota. Kompuresa ikhale pafupi ndi pamene magetsi akulowera, chimene chizitalika ndi paipi ya mpweya. Usanalipire malo alionse ku Livingstone ufunse ngati magetsi ake ndi a m'nyumba kapena a mawaya atatu a m'mafakitale, uyerekeze ndi zimene zalembedwa pa mota. Ndipo magetsi akazima, zimitsa swichi nthawi yomweyo. Pobwera amabwera ofooka, ndipo akapeza mota ikudikira ndi thanki yodzaza, amaiwotcha iwe uli kuseri ukumwa tiyi. Wamva, Fanuelo? Magetsi akazima, zimitsa swichi.

Fumbi nalo linandidyera makina. Iwe wabadwira m'fumbi la malasha, umaliona pa kolala ya malaya madzulo, koma sunaone zimene limachita m'kati mwa chitsulo. Titakonzetsa mota ija ndinaona ngati kompuresa ikubanika, ndiye ndinachotsa sefa ya polowera mpweya n'kumangapo sokosi yakale. Inayamba kudzaza msanga, ine n'kumadzitama. Mvula isanabwere mutu uja unali utaperepeseka m'kati, ukulavula oyilo m'paipi, ndipo oyilo wakeyo anali wa injini ya galimoto amene ndinathiramo chifukwa ndi amene anali pafupi. Ankachita thovu, n'kusiya mwaye pa mavalavu. Sefa uzitsuka, usamachotse. Oyilo ugule wa kompuresa weniweni, uziyang'ana pa kagalasi kake m'mawa uliwonse usanayatse, ndipo akada usinthe, usathire watsopano pamwamba pa wakuda. Lamba umukanikize ndi chala chachikulu pakati, alowe pang'ono chabe. Chitsulo chotchinga lambayo chisachoke, ndaona zala zikugwa pansi mwini wake asanadziwe. Makinawo uwaike pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi pamene ukupopera penti ndi pamene ukupala zitsulo. Kutentha kwa ku Livingstone ndi kwa kuno ndi mimba imodzi. Ukaitsekera m'kachipinda poopa akuba, udzaiphika wekha.

Pamwamba pa thanki pali kavalavu ka mkuwa kokhala ndi mphete, kamene timati sefite. Ntchito yake ndi kufuula mpweya ukapyola muyeso, swichi ikalephera kuzimitsa mota. Ndili mnyamata, ndikugwira ntchito m'shopu ya kumugodi, sefite ina inkangolira pafupipafupi mpaka kundinyansa. Ndinatenga kawaya n'kuimanga kuti ikhale chete. Kapitawo wathu, mdala wina wa ku Tete wa mano awiri, anaona. Sanafunse kanthu. Anandimenya mbama imene ndimaikumbukira mpaka lero, nati, "Wena funa ifa? Ukufuna kufa, kafere kwanu, usatitenge ife." Anadula kawayako n'kundiikira m'thumba la malaya kuti ndiziyenda nako. Sefite ikamalira, vuto silili pa sefite, funa chimene chaililitsa. Mlungu uliwonse uzikoka mpheteyo thanki ili ndi mpweya. Ifuule, ukaisiya itseke. Ikakana kufuula, tsiku limenelo palibe ntchito. Usaimange, usaitseke ndi bawuti, usalole mnzako aliyense kuipotokola kuti thanki izitenga mpweya wambiri. Ndipo paipi ya mpweya si yosewera nayo. Usadzipukute nayo fumbi pathupi, usaloze nayo mnzako. Tayala la lole ukamalipopa uziima pambali, osati kutsogolo kwa limu, chitsulo chimene tayalalo lavala.

Tsopano za madzi. Apa uwerenge pang'onopang'ono.

Mpweya uli ndi madzi, ngakhale mpweya wouma wa Okutobala. Ukaupanikiza m'thanki umatuluka thukuta, thukutalo limatsikira pansi n'kugona pamenepo. Pansi pa thanki pali kampopi kakang'ono. Tsiku lililonse poweruka uzitsegula kampopi kameneko mpaka madzi ofiirawo athe, kutsale mpweya wokha. Tsiku lililonse, Fanuelo, ngakhale tsiku limene wapopa tayala limodzi. Madzi akagona, dzimbiri limadya thanki kuchokera m'kati, kunja penti ali phuliphuli. Limadya zaka, mwakachetechete, mpaka chitsulo chotsala chimakhala ngati chitini cha nsomba. Pamenepo pamatuluka kabowo ngati ka singano, kamene kamalira ngati njoka. Munthu wanzeru akamva kulira kumeneko amadziwa kuti thanki yafa, amaitaya. Wadyera amatenga makina owotcherera n'kumatapo chigamba, n'kupakapo fila, phala lija timatsekera mabala a magalimoto, n'kupopera penti watsopano. Koma kabowo kamodzi kamatanthauza kuti pansi ponse padyeka, ndipo moto wowotchererawo umafooketsa chitsulo chozungulira. Thanki yotero siidzadonthanso. Imadikira, kenako imatseguka yonse kamodzi.

Mutu wa kompuresa yathu yoyamba utatheratu, ndinkakonza zopita ku Bulawayo kukafuna ina. Layisoni nthawi imeneyo anali ndi bwalo lake la zitsulo zakale kuseri kwa msika, ankagula makina otayidwa n'kumawadzutsa, ndipo pa zowotcherera panalibe womuposa m'tauni muno. Anandipeza potuluka m'tchalitchi. "Achimwene, ku Bulawayo mukatayako chiyani? Ndili nayo ine, yangotsala kukuitanani dzina." Tinapita ndi Yobe Lolemba. Inali yokongola, ya buluu, penti akununkhabe. Inadzaza msanga, inazima yokha, sefite inafuula. Yobe anali munthu wosakhulupirira msanga. Anatulutsa kahamala m'thumba la ovolosi, n'kugwada kuti agogode pansi pa thanki. Layisoni anaseka, koma maso sanaseke. "Yobe, ukugogoda ngati wafika pakhomo pa mlendo. Bambo ako ndi bambo anga anachoka limodzi ku Ntcheu wapansi, anadyera mbale imodzi njira yonse mpaka kuno. Lero ine ndikugulitse chinthu chowola?" Pamenepo panali anthu ena akumudzi, akumvetsera. Ine ndinachita manyazi. Ndinati, "Yobe, bweza hamala, usatichititse manyazi kwa achimwene." Anandiyang'ana, n'kuibweza, chifukwa ndinali mkulu wake.

Iwe wakulira muno, sudziwa mmene mawu oti wakumudzi ankalemerera masiku amenewo. Tinali alendo m'dziko la eni. Ukadwala wokuyendera anali wakumudzi, ukafa wokukumbira manda anali wakumudzi. Kumukayikira pagulu kunali ngati kumutukwanira amake. Layisoni ankadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake anatchula Ntcheu.

Kompuresa ija inakhala nafe kuyambira nthawi yokolola mpaka dzuwa la Okutobala, mvula sinaione n'komwe. Madzi ndinkachotsa ine, madzulo alionse, ndi dzanja ili likulembali. M'mawa wina kunabwera lole ya matabwa itaphulitsa tayala lakumbuyo. Ine ndinali panja pa jeke. Yobe analowa m'shedi kukayatsa makina, n'kugwada pambali pake kuti alumikize paipi yaitali. Anthu amandifunsa kuti kunamveka bwanji. Ine sindinamve kanthu. Ndinangomva ngati wina wandimenya ndi thabwa m'mutu, ndipo nditadzuka malata a denga anali mumsewu, fumbi lili tolo, woyendetsa lole akutsegula pakamwa popanda mawu. Thanki inali itang'ambika kuchokera pansi, itatambasuka ngati chikopa choyanika. Mota tinaipeza kuseri kwa golosale. Za mmene Yobe analili sindilemba. Anali akupumabe pamene tinkamukweza pa lole ija, ndipo anatisiya dzuwa lisanapendeke.

Koma tisanamunyamule ndinaona chinthu, ndipo ndinachiona ndi maso awiri abwino. Pamene thanki inayambira kung'ambika panali chigamba, chachikulu ngati Baibulo, chowotcherera mbali zonse zinayi, fila atasweka pamwamba pake ngati chigoba cha dzira. Mzere wowotchererawo unali woongoka, wosalala, ntchito ya katswiri. M'tauni muno munali dzanja limodzi lokha lotha kuwotcherera choncho. Nditabwerako kuchipatala madzulo ndinapeza pamalopo posesedwa. Anandiuza kuti a Nkhoma anabwera ndi ngolo kudzathandiza kuchotsa zitsulo, kuti abale asaone zomvetsa chisoni. Sipanatsale ngakhale bawuti.

Titaika maliro, akuluakulu a bungwe lathu la maliro anakhala pansi kufunsa chimene chinachitika, monga mwa mwambo. Layisoni anaimirira, chipewa chili m'manja, mawu ali pansipansi. "Makina amafuna chisamaliro, abale anga. Ine ndinawauza a Mwale kuti madzi azichotsa. Koma tisaweruze, mtima wawo wasweka kale." Anthu anagwedeza mitu, ena anati a Nkhoma alankhula mwachikhristu. Ine ndinaimirira kunena za chigamba, kunena kuti dzimbiri silidya thanki miyezi yochepa chotero. Koma m'mutu munali mukulira mabelu, sindinkadzimva, ndiye ndinkakuwa osadziwa. Anandigwira mikono n'kundikhazika pansi, amvekere chisoni chamusokoneza. Wina anafunsa kuti chigambacho chili kuti, tichione. Mkazi wa Yobe, NaPhiri, anali atakhala pamphasa moyang'anana nane. Kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso moni, ndipo anabwerera ku Malawi ndi ana ake akudziwa kuti mlamu wake anapha mwamuna wake ndi ulesi. Anamwalira akudziwa zomwezo. Iwe unali kumsana kwa amayi ako, ndipo unakula ukumva kuti inali ngozi, chifukwa amayi ako anandipempha kuti nkhaniyi isalowe m'nyumba. Lero Layisoni ndi mkulu wa mpingo, amakhala kutsogolo, amagawa mgonero. Ine ndimakhala kumbuyo, khutu labwino nditalozetsa kukhoma.

Dzulo utapita kukatsanzika anzako ku Ingagula ndinatuluka pakhonde ndi ndodo yanga. Kugwada kunanditengera nthawi, kudzuka kunaposa, koma ndinagwada. Mutu wa kompuresa yakoyi ndi wabwino, sindinama. Mota ndi yabwino, lamba ndi watsopano. Koma kachitsulo kamene opanga amakhomerera pa thanki, kolembedwa chaka ndi muyeso wa mpweya, palibe. Patsala timabowo take tokha, topakidwa penti. Kampopi ka pansi ndi kouma gwa, ndinalephera kukatembenuza ndi pulayala, kutanthauza kuti mwini wake wakale sankakagwira. Ndinagogoda ndi kahamala kuyambira pamwamba kutsika. Pamwamba chitsulo chimayankha, chimanjenjemera mpaka m'dzanja. Pansi, chakumbuyo, hamala imangofera pomwepo ngati ukumenya dothi. Ndiye ndinatenga maginito a sipika ya wailesi yakale ija. Pamwamba anamata. M'mbali anamata. Pamalo pamenepo, pakukula ngati chikhatho changa, anagwa pansi. Ndinayesanso, anagwanso. Maginito samata pa fila.

Madzulo ndinayesa kukuuza, ukukumbukira mmene zinathera. Unati, "Kulungile, baba, palibe vuto, ndi mphatso." Ndinati mphatso imaphulikanso. Unati, "Ndiye mukufuna ndikagogode mphatso ya apongozi ngati ndikugula chivwende pamsika?" Amayi ako anaseka pang'ono kuti nkhani ipepuke. Nditanena za kulira kwa chitsulo unati, "Inu khutu lanu silimva, mwamva bwanji kuti ikulira moipa?" Ndipo ndisanafike pa maginito unali utatuluka. Sindinakwiye ndi mawu a khutu, ndi oona. Chimene chinandisowetsa tulo ndi chakuti mawu ako ndi omwe aja ndinauza Yobe. Iwe ukuopa kuchititsa manyazi apongozi, ine ndinkaopa kuchititsa manyazi wakumudzi. Munthu wake ndi yemweyo.

Ndikudziwa zimene ukuganiza. Ukuti mdala uyu chidani chamudya, akuona Layisoni m'chitsulo chilichonse. Mwina. Ndakhala nacho nthawi yaitali, sindikana, ndipo munthu amene wasunga chinthu choterocho sakhala woweruza wabwino. Mwina pamalopo panangobonyoka ponyamula, wina n'kutsekapo ndi fila kuti pakongole. Mwina Layisoni anaigula ili choncho, maso ake nawo akalamba. Sindikuganiza kuti akufuna kupha mwamuna wa mwana wake. Ngakhale Yobe sankafuna kumupha. Iye amangokhulupirira dzanja lake, amati chimene wawotcherera iye sichingatseguke, ndipo popeza palibe amene anamutsutsapo n'kupambana, akukhulupirirabe. Esinati ndilibe naye mlandu. Ndi mwana waulemu, amandigwadira, ndipo tsiku lija anabweretsa mankhwala a chifuwa anayenda wapansi dzuwa lili pamutu. Ndi iyeyo amene adzakhale pafupi ndi makina amenewa akukubweretsera chakudya masana, mwina ndi mwana kumsana. Uganize zimenezo.

Sitifunika kukangana, chifukwa pali njira yodziwira, ndipo siitenga theka la tsiku. Choyamba ndi kupala. Tenga tchizulo upale penti ndi fila pamalo pamene maginito akugwa, mpaka chitsulo chioneke. Ukapeza mzere wowotcherera, nkhani yathera pomwepo, palibenso choyesa. Masula mutu, mota ndi swichi, zimenezo upite nazo, thanki ukafune ina kumeneko yokhala ndi kachitsulo kake kolembedwa. Yofiirayi uiboole ndi dirilo kapena uidule pakati ikhale momwera mbuzi, kuti wina asadzaitole n'kuipakanso penti. Ukapeza chitsulo chabwino, chongobonyoka, usaithire mpweya msanga, yamba waiyesa ndi madzi. Chotsa sefite ndi swichi, utseke mabowo ake, usiye geji. Dzaza thanki ndi madzi mpaka asefukire, musatsale mpweya ngakhale pang'ono. Lumikiza pampu ya girizi ya pamanja utaithira madzi, upope pang'onopang'ono mpaka muvi upyole pamene makina amazimira, uwonjezere theka la pamenepo. Pukuta pansi pake, uyale nyuzipepala, udikire. Madzi sali ngati mpweya, saponya zitsulo. Thanki yofooka imangodontha kapena kung'aluka, anthu n'kunyowa mapazi basi. Muvi ukaima osatsika, nyuzipepala n'kukhala youma, thankiyo ndi yamoyo. Ukatero ubwezere sefite, usinthe kampopi kouma kaja, ndipo chaka chilichonse uziiyesanso chimodzimodzi. Iyi ndi njira ya thanki iliyonse yakale imene udzagule moyo wako wonse, kaya wakugulitsa ndi m'busa, kaya ndi mwana wa mlongo wako.

Ukanatha kuchita zimenezi kuno pakhonde, mwakachetechete, Layisoni osadziwa. Ndikanakhala bambo wabwino ndikanakuuza kuti utero. Koma chifuwachi ukuchimva usiku kudzera kukhoma. Fumbi limene ndinameza kumugodi lafika pokolola, ndipo a kuchipatala asiya kundisinthira mankhwala. Khrisimasi imene ukunena kuti udzabwera ine sindikuiwerengera. Sindinakupemphepo kanthu, Fanuelo. Sindikufuna bulangete la ku Zambia, sindikufuna kuti udzanditumizire shuga, ngakhale bokosi a bungwe adzagula. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanafe, ndipo ndi ichi.

Mawa m'mawa ukweze kompuresayi pa wilibala upite nayo pabwalo pa Layisoni, ine ndikutsata pambuyo ndi ndodo yanga. Umuuze mwaulemu wonse, utagwada ngati mkamwini, kuti bambo anga sandilola kunyamuka thanki isanapalidwe. Mlandu uuike pa ine, ndazolowera. Tchizulo agwire iye. Apale yekha, ndi dzanja lake, iwe ulipo, Esinati alipo, ine nditakhala pampando. Sindikuwa, sinditukwana, sindilankhula ngakhale liwu limodzi. Pakatuluka chitsulo choyera, thanki n'kugwira madzi osadontha, ndidzaimirira n'kumupatsa dzanja pamaso panu, ndipo za ukwati wanu ndidzatuma ankhoswe mlungu womwewo. Pakatuluka chigamba, sindikufuna kuti agwade kapena alire, ndipo kumpingo sindikanena. Ndikufuna andiyang'ane, anene mokweza kuti khutu langa labwino limve, amene anawotcherera thanki ya buluu ija. Anene iwe ukumva, kuti pakhale munthu mmodzi wa magazi anga wodziwa kuti madzi ndinkachotsa.

Akakana kugwira tchizulo, wayankha kale, ndipo thankiyo uisiye pabwalo pake pomwepo.

Lole ikafika izi zisanachitike, isiye ipite, ina idzabwera. Ine ndikhala nditavala nsapato kuyambira m'mawa.

Ndine bambo ako,
Saizi Mwale